Mapewa a Delight

Mai Annet amasoka zovala pakomboni pathu ku Raffingora, pa makina amanja amene anasiya apongozi awo. Salankhula zambiri, koma akati ayi, ngakhale abusa amabwerera pakhomo.

Mwana wawo Delight amasewera hoke kusekondale yogonera komweko, masewera othamangitsa kampira kolimba ndi ndodo yokhota, munthu atawerama ngati akupalira. Mpikisano wa masukulu uli pakati, mtsikanayo anabwera kudzaona makolo masaya ataphwa. Kwathu kuno kuwonda si nkhani yosekera, tinaika m'manda anthu ambiri amene anayamba choncho. Azimayi a pampopi, amene amadziwa matenda kuposa anamwino, anali atamupezera kale nthenda yake.

Bambo ake, a Lazalo, onyamula mabelo a fodya, anachita mantha. Iwotu mantha awo amatulukira mu ukali.

"Zvakwana, basi! Masewera amenewa athera pano," anatero. "Mwana wabwera ngati bango."

Mai Annet anali ndi yunifolomu ya mwanayo pamiyendo.

"Baba a Delight, taonani. Siketi ndikuibweza m'chiuno, shuwa. Koma malayawa ndikuwakulitsa, msoko waphulika m'mapewa. Munaonapo wodwala akung'amba malaya? Atha ndi mafuta, mnofu walimba."

"Za makina anuzo ndilibe nazo basa."

"Aphunzitsi ake akuti akamasewera sabata ndi sabata mphamvu zimatsika ngati sakudya mokwanira. Ndiye mazira a nkhuku zanga sindigulitsanso. Adya iyeyu, pamodzi ndi nzungu, mtedza uja, ndi matemba, ndipo Lolemba akwera kombi kubwerera kusukulu."

A Lazalo anaona kuti pakamwa agonja. Anagwira ndodo ya hoke, imene Delight anali ataigoneka pamaondo, kuti akaiponye pamoto. Mtsikanayo anangoigwira ndi manja awiri, n'kuponda pansi zolimba.

Bambowo anakoka. Anakokanso mpaka mitsempha kuoneka m'khosi. Ine, woyandikana nawo nyumba, ndinali chilili pakhomo, ndipo ndinawamvera chisoni onse awiri. Ndodo sinachoke m'manja mwa mwanayo.

A Lazalo anaitaya, akupuma wefuwefu, n'kumuyang'anitsitsa mwana wawo kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Mwanangu," anatero, "ndimayesa ukundifera."