Ndinafunsa mwini nthaka kuti kwawo ndi kuti

Sabata yatha mwana wanga Tamanda anandikokera kulaibulale kuno ku North York. Aphunzitsi ake anamutuma pamodzi ndi anzake kukamvera mayi ena olemba mabuku, a mtundu wa anthu amene azungu anawapeza m'dziko lino. Ine ndinangoperekeza, mapazi akuwawa ndi ntchito yosamalira okalamba.

Mayiwo anawerenga za mtsinje umene amayi awo ankasambamo ali mwana, asanatengedwe mokakamiza kupita kusukulu yogonera komweko, kumene ankamenyedwa akayankhula chiyankhulo chawo. Mawu ena ankawatchula m'chiyankhulocho, pang'onopang'ono ngati munthu woponda poterera.

Atamaliza, Umalawi unandigwira. Mukudziwa inu, ife munthu sitinamudziwe ngati sitinamufunse kumudzi kwawo. Ndinawapatsa moni wa manja awiri, n'kuwafunsa kuti kwawo kwenikweni ndi kuti, nanga amapitako kangati. Tamanda anandikoka malaya, manyazi atamugwira.

Mayiwo anamwetulira, n'kuloza pansi. "Kwathu ndi pano, sindikwera ndege. Koma chiyankhulo ndinachita kukachitola kwa azakhali ndili kale ndi imvi. Amayi anamwalira tisanachezepo m'chiyankhulo chawo."

Mtima unandiwawa kwambiri.

Ife malo tili nawo. Timakhala pafoni kukangana ndi abale za malire a munda ku Ntcheu, kuti mtengo wa mango uja uli mbali ya yani. Nanga chiyankhulo? Ana athu palibe anawakwapula chifukwa cha Chichewa. Tikungochisiya tokha, poti Chingerezi chimafulumira m'mawa basi ikamatithawa. Sindikuweruza munthu, ntchito za kuno zimafinya.

Koma amayi anga amaimba foni Lamlungu lililonse, ndipo shuga wawafooketsa. Tamanda amangoti ali bwino, n'kundibwezera foniyo ngati yamuwotcha.

Pochokera kulaibulale kuja tinakwera basi. Tili m'njira, Tamanda anati, "Mum, agogo akaimba musanditengere foni. Nditraya ndekha."

Lamlungu anayeseradi. Ankapindapinda mawu, amayi akuseka mpaka kutsokomola, uku akumubwerezetsa. Ine ndinakaima kukhitchini, kudziletsa kuti ndisamasulire. Pomaliza amayi anandiitanitsa, n'kundiuza kuti lero ndiye amumva mdzukulu wawo.

Nanga inu, munda uja ukadzakhala wa mwana wanu, malire ake adzawafunsa m'chiyankhulo chanji?