Mandasi anga m'magazi a Che Twaibu

Ndiulule ndekha ena asanandiulule: sabata ino ndalepheretsa wodwala kulandira chithandizo. Sindinamulodze ayi. Ndinangomukazingira mandasi.

Che Twaibu kwawo ndi ku Mangochi, koma amakhala ku Brampton, kuno ku Canada. Ali ndi shuga, komanso khansa ina ya maselo oyera a magazi imene imatulukira pakhungu. Khungu limachita zigamba, limafunduka, ndipo limayabwa moti munthu amadzikanda mpaka kudzitema ndi zikhadabo.

Chithandizo chake n'chodabwitsa. Makina amakoka magazi pamkono, amapatula maselo oyerawo, amawathira mankhwala n'kuwaunika ndi kuwala kwapadera, kenako n'kuwabwezera m'thupi. Mwini wake amangoti, "Ndikupita kokayanika magazi." Chiyambireni zimenezi kuyabwa kwachepa, ndipo ayambanso kupeza tulo.

Lamlungu ndinapita kukawazonda. Inu mukudziwa kuti kwathu wodwala sazondedwa chimanjamanja. Ndinanyamula mandasi, masamusa a nyama ndi botolo la juwisi. Mandasi anga si oseweretsa, pachinkhoswe amatha mpunga usanafike.

Anadya atatu n'kunena kuti akhuta. Ine ndinakwinya nkhope. "Ndiye kuti sakukoma?" Anatenganso awiri. Otsalawo ndinawasiyira kuti amwere tiyi m'mawa, n'kubwerera kunyumba kwanga ku Markham mtima uli mbee.

Lolemba linali tsiku loyanika magazi lija, ndipo ndine ndinawaperekeza kuchipatala ku Toronto chifukwa akazi awo anali kuntchito. Nesi anawabaya chala, anayang'ana kamakina ka shuga, n'kukweza zikope. Anawalumikiza ku makina aakulu aja, koma pasanapite nthawi anaimitsa makinawo. Madzi a m'magazi, amene amayenera kukhala achikasu ndi oonekera bwino, anali mbuu ngati tiyi wamkaka.

Nesi anafotokoza kuti mafuta achuluka m'magazimo moti makina akulephera kupatula maselo oyera. Shuga nayenso anali atakwera kwambiri. Kenako anafunsa mwaulemu kuti adya chiyani dzulo ndi lero, popeza anauzidwa kale kupewa zamafuta tsikuli likamayandikira.

Che Twaibu anayang'ana kudenga. Ine ndinapeza chidwi chachikulu ndi nsapato zanga. Mandasi anga ndinawazindikira bwinobwino m'kapaipi ka makinawo, ndipo manyazi anandigwira kwambiri. Ine amene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, woyeza anthu shuga tsiku ndi tsiku.

Anatibweza kuti tidikire tsiku lina.

Tsono tiyeni tikambirane, abale anga. Kodi anatiuza ndani kuti matenda onse amachizika ndi chiwaya? Munthu akathyoka mwendo, mandasi. Akachitidwa opaleshoni, tchipisi. Wa shuga timamupititsira zotsekemera, timvekere, "Kamodzikamodzi sikapha." Ozonda tikakhala khumi, aliyense amabwera ndi kamodzikamodzi kake.

Chimene sititenga ndi funso. Kufunsa munthu kuti akudwala chiyani timati n'kupanda ulemu. Timangoti, "Mukupeza bwanji?" iye n'kuti, "Pang'onopang'ono," basi zatha. Dzina la matendawo timakalipeka tokha pagalimoto pobwerera, ndipo pofika madzulo limakhala litazungulira magulu onse a pafoni, lili ndi nthambi zake.

Wodwalanso timamumanga manja. Akakana chakudya, ndi wonyada, Canada yamulowa. Akadya, timakondwa ndife, thupi lake n'kumalipira. Ndiye kuzondako n'kwa ndani, kwa iye kapena kwa ife?

Pobwerera tinaima pamzere wa magalimoto pamsewu waukulu wa 401. Che Twaibu anali atayamba kale kukanda mkono pamwamba pa malaya. Poti ndine munthu wosavomera msanga kulakwa, ndinayamba ndi kuwaimba mlandu.

"Koma inunso achimwene, bwanji osangonena kuti mawa kuli apoyintimenti, zamafuta ayi?"

"Ndikanakana bwanji, achemwali? Mwadraiva kuchoka ku Markham konse kuja."

"Mukanakana basi. Onani ayikansela."

Anayang'ana kunja pawindo.

"Chiyambireni khunguli kufunduka, anthu amandipatsa moni ndi chigongono. Ena amangoimba foni. Akuganiza kuti n'zopatsirana, pomwe sizipatsirana. Mwezi uno amene mwalowa m'nyumba mwanga n'kukhala pansi ndinu nokha. Ndinaopa kuti ndikakana mandasiwo, inunso simudzabweranso."

Zinandiwawa. Bambo wamkulu, wa ana akuluakulu, analolera kudzikanda masiku ena angapo n'cholinga choti mlendo mmodzi asathawe.

Nanga inu, munthu amene mukukamuzonda Loweruka likubwerali, mukudziwa chimene akudwala ndi chimene amaloledwa kudya? Kapena mukungodziwa chimene mumatha kukazinga?