Thumba lomaliza la Che Idrisa

Pamsika wa Nselema panalibe amene sankawadziwa Che Idrisa. Kwa zaka makumi awiri ankanyamula katundu wa anthu pa njinga yawo yakapalasa: mpunga, malata, madengu a matemba ochokera ku Chiuta. Makani ndiye anali nawo. Ukati thumba ili n'lolemera, iwo amvekere, "Ika awiri."

M'chaka cha njala cha 2016, chimanga chitapserera m'minda, anagwa akumanga katundu. Pakamwa panapotoka, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa. Inali sitiroko. Anawatumiza kuchipatala chachikulu, mkazi wawo Zaina akuwadikirira.

Tsiku lachitatu dokotala anaitanira Zaina pakhonde.

"Mayi, magazi tinawatenga aja aonetsa kuti mtima nawonso wavulala."

"Iyayi adokotala, vuto ndi dzanja. Za pachifuwa sanadandaulepo."

"Mtima ukavulala umasiya zizindikiro m'magazi, ndipo mwa bambowa zachuluka kwambiri. Dzanja litha kuchira, koma odwala otere ambiri sakhalitsa. Azimwa mankhwala, ndipo asadzanyamulenso cholemera."

Zaina atabwerera m'wodi, amuna ake anamufunsa ndi lilime lolemera zomwe wauzidwa. Kwathu kuno wodwala sitimuuza za imfa, timati maganizo angamutsirize.

"Akuti muchira," anatero Zaina.

Dzanja linachiradi. Pakutha miyezi itatu Che Idrisa ankayenda opanda ndodo, anthu akuyamika Mulungu. Zaina yekha ndiye ankaonda ndi mantha. Njinga anaibwereketsa dala kwa mlongo wake wa ku Utale, nkhwangwa anaibisa kudenga. Che Idrisa ankangoti mkaziyu wayamba nkhanza. Kangapo konse Zaina anafuna kuwauza zoona, n'kulekanso.

Tsiku logawa chimanga cha chithandizo pasukulu, Zaina analawirira kudimba kukathyola masamba, poganiza kuti akatenga yekha thumbalo masana. Pobwera anangoti kukamwa yasa! Che Idrisa anali kutulukira panjira, thumba lathunthu lili paphewa, thukuta kamukamu, akuseka ngati mwana.

"Zaina! Taona, Idrisa wako wabwerera!"

"Tulani! Chonde tulani!"

Anatuladi, koma atafika nalo pakhonde. Anakhala pansi, n'kugwira pachifuwa, n'kupempha madzi. Zaina potuluka ndi chikho anapeza atatsamira thumba lija, maso ali gwa, mpweya utathawa.

M'nyumbamo munalibe chakudya china, choncho thumba lomwelo ndi limene linapita kuchigayo kuti anthu adye pamaliro. Amuna ankapukusa mitu, akuti munthu wochira bwinobwino angafe bwanji chonchi. Zaina sanalawe kanthu.

Atabwerako kumanda, alamu ake a Lena anakhala naye pamphasa.

"Komatu achipatala aja! Magazi onse anawatenga aja, osaona kanthu?"

"Anaona," anatero Zaina, "ndipo anandiuza ine."