Tsiku Limene Kompyuta Inafufuta Maina a ku Luembe

Ena mudzati ndikukometsa nkhani, koma Mulungu ndiye mboni, izi zinandichitikila ine mwini ku Nyimba, zaka zija makompyuta atangoyamba kulowa m'maofesi a kuno kwathu.

Ndinali kalaliki pa kabungwe kena kothandiza mabanja a ku Mozambiki amene anatsala kuno nkhondo itatha, ndipo maina awo ndinawasunga m'kompyuta kuti apite ku Lusaka akapezeledwe zikalata zokhalila m'dziko. Ndinalembanso phukusi la pulogalamu yosindikizila mainawo. M'phukusi lotele mumakhala kafayilo kotchedwa init, kamene kamayamba kugwila ntchito kokha munthu akangoitana phukusilo. Amai ena a ku Kitwe amene tinkagwila nawo ntchito anandilangiza kuti kafayiloka ndikasiye kopanda kanthu, koma ine, kudziyesa katswili kuja, ndinaikamo lamulo lofufuta mndandanda wonse, poti nthawi imeneyo ndinkayesela pa maina abodza. Ndiye kuiwala, abale, kumapempha chilolezo?

Tsiku lotumiza, galimoto yopita ndi mainawo ku Lusaka ili panja, anthu ali mbwee pansi pa mtengo wa mango, ndinalozetsa phukusilo ku maina enieni n'kuliitana. Ndisanalamule n'komwe zosindikiza, mndandanda wonse unali mbee! Ndinafika poganiza kuti wina wandilodza. Amai aja anatsegula kafayilo kaja, n'kuloza ndi chala mzele wa lamulo lofufuta lija, ndipo ndinachita manyazi ndi mantha nthawi imodzi.

Tinakopelanso maina kuchokela m'makope amene tinawalembamo poyamba, dalaivala akuliza hutala, koma kope la ku Luembe linali litavumbwidwa ndi mvula, masamba ena osawelengeka, motelo maina a pamasambawo anatsala. Galimoto itanyamuka, abambo ena okalamba a kumeneko anabwela pazenela, chipewa m'manja, kundifunsa ngati dzina lawo lapita nawo, poti dzulo lake anayenda tsiku lonse wapansi. Ndinawayankha kuti lapita. Ndinanama ine, ndipo anandithokoza ndi manja awili.

Lelo ndimakhulupilila kuti panalibe mfiti, koma ulesi wanga. Inu olemba mapulogalamu, kafayilo ka init musamaikemo chilichonse chogwila kapena kufufuta zinthu, zotelo zizidikila kuitanidwa ndi munthu amene akudziwa chimene akuchita. Abambo aja anamwalila ulendo wina wa maina usanafike, akudikilabe chikalata chimene ine ndinkadziwa kuti sichibwela.