Kanjira Kochokera Pakhoma

Ku yunivesite anzawo ankangowatchula kuti Anti a Mbande, chifukwa anali aakulu kuposa onse m'kalasi, ndipo kale ankagulitsa mbande zam'machubu m'mbali mwa msewu. Sukulu anaisiya ali mtsikana chifukwa cha banja. Amuna awo anali munthu wansanje yoopsa, wowalondola paliponse, ngakhale kumpopi. Atamwalira bamboyo, Anti analira mokwanira, kenako anapukuta misozi n'kukalembetsa maphunziro a ulimi wa maluwa ndi kakonzedwe ka malo. Ndani angawaimbe mlandu?

Kumezanitsa mitengo kwa iwo kunali ngati kumwa madzi. Kujambula mapulani pakompyuta n'kumene kunkawatulutsa thukuta, komabe analimbikira mpaka chaka chomaliza. Pamenepo aliyense anapatsidwa malo oti awakonze ngati mayeso. Anti anagwera bwalo la kuseri kwa nyumba yoleleramo mbewu, lozingidwa ndi khoma lalitali, lokhala ndi geti limodzi, mpopi, mtengo wamthunzi ndi kashedi kosungiramo makasu.

Mphunzitsi wawo anali ndi lamulo lake. "Njira musazijambule m'mutu mwanu," ankatero. "Dzalani kapinga, tsegulani geti, dikirani. Pomwe anthu aponde mpomwe muyale miyala. Wophwanya lamuloli abwereza chaka."

Kapinga anamera bwino. Njira inaoneka kuchokera pageti kupita kumpopi, ina kupita pamthunzi. Kenako kunatuluka kanjira kachitatu. Kameneka kanayambira pakona ya khoma, pomwe panalibe khomo ngakhale mng'alu, n'kulunjika kushedi komwe Anti ankadyera masana. Kanali kafupi, koma kankatalika.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, bwalo lili zii, Anti anagwada kuti akaonetsetse. Kumanja udzu unali wopondedwa. Kumanzere unali wokhwekhwerezeka, mzere umodzi wosadukiza. Malemu amuna awo ankakoka mwendo wakumanzere chichitireni ngozi ya njinga.

"Mwana wanga, umaonako munthu akudutsa apa?" anafunsa mtsikana wina wa m'kalasi mwawo.

"Ayi, Anti. Mwina ndi mphaka."

"Mphaka wovala nsapato?"

Mtsikanayo anaseka, koma sanabwerenso kubwaloko.

Anti anatipula kanjirako, anathira manyowa, anadzalanso kapinga. Kanabwerera pomwepo. Ndiye anayamba kuzika kamtengo pomwe kanjirako kathera, ndipo m'mawa uliwonse ankapeza kanjirako kadutsa kamtengoko pang'ono. Mantha anali nawo, komabe ankadziwa pomwe mwini mapaziwo wafika.

Mphunzitsi atabwera kudzayendera, analoza njira yachitatuyo ndi cholembera. "Nanga iyi mwaisiyiranji?"

"Sipadutsa munthu pamenepo, aphunzitsi."

"Mayi, udzu sufa wokha chonchi. Yalani miyala, ndipo muifikitse pakhomo la shedi. Simukuona komwe ikulowera? Apo ayi, tionananso chaka chamawa."

Anti anagwira wilibala. Analingalira zaka zonse zimene malemu aja anawadyera ali moyo, ndipo mkwiyo unaposa mantha. Kuti awadyerenso digiri ali kumanda? Ayi ndithu. Anayala miyala yasimenti ndi manja awo, umodzi umodzi, kuchokera pakhoma mpaka pakhomo la shedi.

Anakhoza, ndipo anakhoza kuposa onse, moti yunivesite inawalemba ntchito yosamalira bwalo lomwelo. Alendo amachita chidwi ndi njira yothera pakhoma ija, amati ndi luso.

Masiku ano Anti amadya ataimirira, msana atautsamiritsa pakhoma la shedi, maso ali pamiyalayo. Amaisesa m'mawa ndipo imakhala mbee tsiku lonse. Nthawi zina amatola kamtengo mwachizolowezi, n'kuima nako m'manja. Pasimenti palibe pozika, ndipo sadziwanso kuti amuna awo afika pati.