Galimoto ya Amuna Anga ndi Revu Kaunta Yake

Amuna anga amagwira ntchito yokonza mijigo ndi mapampu a madzi ku bungwe lina lachifundo muno mu Nairobi. Ndi munthu wofatsa, wosamwa, wosakonda ngakhale mpira. Vuto lawo ndi limodzi: akaona chitsulo chotayidwa amachimvera chisoni ngati mwana wamasiye.

Titangobwera kuchokera kwathu tinkakhala ku South B, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni. Patatha zaka ziwiri anayamba kudandaula kuti mpweya wa kumeneko ukuwabanikitsa, tisamukire ku Kitengela kumene kuli mphepo yabwino. Ndinavomera. Mphepoyo ndinaipezadi, yodzaza fumbi, koma chimene eni ake ankafuna chinali bwalo la kuseri kwa nyumba. Sabata yoyamba yomwe, lole inakhuthula pageti injini, matayala anayi osafanana ndi mulu wa mapaipi. Zonsezo anazitutira kuseri ndi wilibala.

"Bambo, kodi zimenezi n'zachiyani?"

"Mayi, imeneyo ndi galimoto. Kungoti ziwalo zake sizinadziwanebe."

Zinawatengera zaka zitatu, Loweruka lililonse, mothandizidwa ndi fundi wina wa ku Kitengela komweko, bambo wachikulire wadazi wodziwa kuwotcherera. Kuno mmisiri aliyense amamuti fundi. Galimotoyo itatha inalibe denga. Mipando inali iwiri. Penti anapaka wotsala wa geti lathu, moti ine ndinkaiona ngati geti lomwe laganiza zothawa. Dashibodi anaisema kuchokera ku chitseko cha wodiropu yanga, ndipo zovala zanga zinatsala pamtetete. Koma inkalira, ndipo inkayenda kuchokera pa mpanda kukafika pa thanki ya madzi n'kubwerera chafutambuyo.

Chinatsala n'kupita nayo kuti akaiyeze ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, zija kwathu timati COF.

Lamlungu lina Amalawi tinakumana ku Muthaiga, kunyumba kwa mkulu wina wa ku bungwe lalikulu. Titatha kupemphera ndi kudya, amuna anga anayamba kuonetsa anthu zithunzi za galimotoyo pafoni. Mkulu uja, amene anakhalako ku Ulaya zaka zambiri, anavala magalasi, anakuza chithunzi ndi zala, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, revu kaunta ili pati?"

"Revu kaunta?"

"Kawotchi kaja kosonyeza kuti injini ikuzungulira mwaliwiro lotani. Popanda kameneko sakakuyang'anani n'komwe. Akakubwezerani pageti."

Ine ndinkadziwa kuti mkuluyu sagwira chiwongolero. Ali ndi dalaivala, ndipo iye amakhala kumbuyo n'kumawerenga nyuzi. Ndinawatsina amuna anga pamkono. Iwo anaganiza kuti ndikuvomereza.

Sabata imeneyo anafunsa aliyense. Makaniko wa kuntchito kwawo anati ndi yofunika. Dalaivala wa minibasi, zija kuno amati matatu, anati yake inafa kalekale ndipo anamatapo chithunzi cha mwana wake. Pa intaneti anapeza azungu akukangana za nkhani yomweyi mpaka kunyozana, osagwirizana chimodzi. Pamapeto pake amuna anga anagamula okha kuti munthu sapita kwa apongozi wopanda nsapato chifukwa choti sanamuuze kuti avale.

Anapita ndi fundi kwa ogulitsa zitsulo zakale m'tauni, n'kubwerako ndi revu kaunta yaikulu ngati mbale ya ndiwo. Padashibodi panali bowo limodzi lokha lozungulira, ndipo munali kale wotchi ina. Anaizula, anakuza bowolo ndi tupa, n'kulowetsamo yatsopanoyo. Yakaleyo anandipatsa ine kuti ndisunge. Ndinaiika m'kabati ya kukhitchini, kuseri kwa makapu a alendo, osafunsa n'komwe kuti inali ya chiyani.

Ataliza injini, kamuvi kanalumpha n'kukaima pa sikisi, munthu asanaponde moto. Fundi anakanda dazi lake.

"Mzee, hii imetoka kwa gari ingine," anatero m'Chiswahili, kuwauza amuna anga kuti inachokera m'galimoto ya mtundu wina.

Kumbuyo kwa revu kauntayo kunali kasikuluwu kosinthira. Koma kuti asinthe molondola ankayenera kudziwa kuti injiniyo ikuzungulira bwanji kwenikweni, ndipo chodziwira chake chinali revu kaunta yabodza yomweyo. Anthu awiri aja anakhala pa matayala akale. Kenako amuna anga anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa, ndipo ndinadziwa kuti zandigwera.

Ine ndimaimba alito mu kwaya ya kutchalitchi, ndipo sikudzitama, khutu ndili nalo. Wina akatsika pang'ono ndimamumva ngakhale ali mzere wa kumbuyo. Nzeru ya amuna anga inali yotere. Galimoto yathu yeniyeni, yogula, inali kumaso kwa nyumba, ndipo revu kaunta yake inali yolongosoka. Iwo aponde moto mpaka kamuvi kafike pa thuu. Ine ndimvetsere kulira kwa injiniyo, ndikutenge ndi pakhosi, ndithamange nako kuseri osakutaya. Kumeneko fundi aponde moto wa inayo mpaka kulira kwake kufanane ndi kwanga, kenako apotoze kasikuluwu.

"Bwanji osangoziimika pamodzi galimoto ziwirizi?" ndinafunsa.

Onse awiri anayang'ana kumbali. Mpata wa pakati pa nyumba ndi mpanda unali wongokwana munthu ndi wilibala. Yogulayo sikanalowa, yopangayo sikanatuluka. Zaka zitatu zonsezo palibe anaganizapo za mmene idzatulukire.

"Imeneyo tidzaiona nthawi yake ikadzakwana," anatero amuna anga. "Panopa tiyeni tiimbe."

"Bambo, mukundisandutsa ndowa yotungira phokoso?"

"Mayi, n'zasayansi."

Ndinaima pafupi ndi boneti, ndinatseka maso, ndinagwira liwu lake. Linali lotsika, la anthu a besi, moti ndinachita kulikweza kuti lindikwane. Ndinayamba ulendo ndikung'ung'udza, mmmmm, milomo ili chitsekere. Ulendo woyamba ndinapunthwa pa payipi ya madzi, liwu linagwa. Wachiwiri galu wa nyumba ina anauwa, ndinapezeka ndatengera liwu la galuyo. Wachitatu ndili pakati pa mpata uja, mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pamwamba pa mpanda.

"Habari ya asubuhi, Mama!" anandipatsa moni wa m'mawa.

Ndinangogwedeza mutu. Mmmmm.

"Mama? Uko sawa?" anafunsa ngati ndili bwino.

Mmmmm. Ndinamukupizira dzanja kuti adikire.

"Ni jino?" anafunsa akuloza tsaya lake, kuganiza kuti dzino landigwira.

Ndinaphulika ndi chiseko, liwu linabalalika. Amuna anga anafuula ali kumaso kuti mafuta akutha. Ulendo wachinayi ndinathamanga ndikuyang'ana pansi ngati wakuba nkhuku, ndipo ndinafika nalo lamoyo. Fundi anaponda moto pang'onopang'ono, ine ndikuloza kumwamba kuti akweze, kenako pansi kuti atsitse, mpaka injini ndi ine tinakumana. Anapotoza kasikuluwu, kamuvi kanaima pa thuu. Madzulo ake mayi woyandikana nafe uja anandibweretsera karafuu, timbewu tonunkhira toika pa dzino lopweteka. Ndinalandira ndi manja awiri. Kufotokoza zoona kukanakhala kochititsa manyazi kuposa dzino.

Tsiku loyeza litayandikira, anagumula mbali ina ya mpanda wa kuseri, galimoto inatulukira m'munda wa anthu ena. Popeza inalibe mapepala, anaikweza pa lole yonyamula magalimoto owonongeka. Ine, amuna anga atavala suti ya ukwati, ndi dalaivala wa loleyo tinapanikizana kutsogolo. Njira yonse ya Namanga khosi la amuna anga linali chotembenukira kumbuyo. Pa mdipiti wa magalimoto ku Mlolongo, wa bodaboda wina, kabaza wa njinga yamoto, anagogoda zenera n'kufunsa ngati makinawo ali otchetchera udzu.

Woyeza anali mayi wamtali wovala ovolosi, ali ndi tochi ndi pepala pa kathabwa. Sanaseke ngakhale pang'ono, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Analowa m'dzenje pansi pa galimoto, anagogoda apa ndi apo, anatuluka n'kunena kuti amene anawotcherera amaidziwa ntchito yake. Anayesa mabuleki, magetsi, hutala. Nthawi yonseyi amuna anga ankangopukuta galasi la revu kaunta ndi mpango, kuti mayiyo aione.

Pomaliza anasuzumira padashibodi.

"Yokongola," anatero m'Chingerezi. "Koma pa pepala langali palibe. Mukanabwera opanda imeneyi sindikanafunsa."

Mpango unaima m'dzanja la amuna anga.

"Chimene ndikufuna ndi sipidomita, yosonyeza liwiro la galimoto pamsewu. Ili pati?"

Amuna anga anayang'ana dashibodi, anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana ine.

"Ili kuseri kwa makapu a alendo," ndinatero.

Mayiyo analemba kanthu pa pepala lake. Sindikudziwa ngati analemba za makapuwo. Kenako, mwina pofuna kutichepetsera manyazi, anafunsa kuti wotchi yaikulu chonchi, yochokera m'galimoto ina, tinaikonza bwanji kuti izinena zoona. Amuna anga anatsitsimuka ngati chimanga chothiriridwa.

"Mayi, aonetseni."

"Bambo, pano?"

"Chonde, mayi."

Analiza injini, anaponda mpaka pa thuu, ndipo ine, mayi wa ana atatu akuluakulu, ndinaima pakati pa malole ndi amakaniko n'kuyamba mmmmm. Madalaivala amene ankadikira pamzere anasiya nkhani zawo. Woyezayo anapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Alito?" anafunsa.

Ndinagwedeza mutu, liwu ndili nalobe.

"Inenso," anatero. Anatenga kamakina kake, anakalumikiza ku injini, anayang'ana, n'kundionetsa. Tinaphonya pang'ono zedi, kamuvi kanangopitirira ngati makulidwe a chikhadabo. "Mwakwera pang'ono. Alito tonse timatero tikachita mantha."

Galimoto inalephera. Kupatula sipidomita, malamba a pampando anali omangidwa pamalo ofooka, kutsogolo kunali zitsulo zakuthwa zoti zikhoza kucheka munthu, ndipo panali maofesi ena oti tikayambire kumeneko tisanabwerenso. Zonsezi anatifotokozera mwaulemu, n'kutipatsa pepala.

Pobwerera amuna anga sanatembenukenso khosi. Anangoti ndwii kuyang'ana msewu, taye atamasula. Ndinkafuna kunena kuti ndinawatsina ku Muthaiga kuja, koma ndinaona kuti tsiku lake si limeneli.

Titadutsa Athi River, dalaivala anaima kuti agule madzi akumwa. Atabwerako anapotoza kiyi, lole inangoti kwe, kwe, basi. Anapotozanso, zii. Batire linali litafa. Anaimika magalimoto awiri atatu, onse anadutsa ngati sakumuona. Dzuwa linali likuswa mtengo.

Amuna anga anavula jekete n'kundipatsa. Anakwera pamwamba pa lole, analowa m'galimoto yawo yolephera ija, n'kuiliza kamodzi kokha. Dalaivala anatulutsa mawaya, koma anali aafupi, moti anachita kulumikiza awiri n'kundipempha kuti ndiwagwirizire m'mwamba ndi ndodo kuti asakhudze chitsulo. Ndinaima m'mbali mwa msewu ngati mtengo wa magetsi, jekete paphewa.

"Ongeza moto, Mzee!" anakuwa dalaivala, kuti aonjezere moto.

"Ndifike pa zingati?" anafunsa amuna anga mokweza kuti aliyense wodutsa amve. "Pa thuu? Pa fili? Nenani, pano ndikuona bwinobwino!"

Dalaivalayo analibe nazo ntchito nambalazo, koma anati fili. Lole inatsokomola kawiri n'kudzuka.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Kitengela amuna anga anayankhula osapuma. Anamufotokozera dalaivala za mapampu, za mijigo ya ku Dedza kwawo, za mmene angasamalire batire. Dalaivalayo ankangoti sawa, Mzee, sawa. Potsitsa galimoto anawagwira chanza ndi manja awiri, n'kupempha kuti amujambule ataikhalira.

Mapepala ake mpaka lero tikuyendabe nawo m'maofesi, ndipo galimotoyo pamsewu sinapondebe. Mnzawo wina wa kuntchito ali ndi munda cha ku Isinya, ndiye ili kumeneko, imanyamula matumba a chakudya cha nkhuku kuchokera pageti kukafika kukhola. Loweruka lina ndinaiyendetsako ndekha. Ndinaiwala kuti ilibe denga, ndinadutsa pansi pa mtengo waminga, ndipo duku langa linatsala m'mwamba. Tinachita kulikolola ndi nsungwi.