Miyezi Itatu ya a Mabuleki M'khitchini Mwanga

Amuna anga ayendetsa thiraki kwa zaka 27. Anzawo ku depoti amawatcha a Mabuleki, dzina lowaseka, chifukwa munthuyu kuima sakudziwa. Amadya choimirira, tiyi amamwa uku akumanga nsapato, ndipo ukamawauza nkhani amakhala atagwira kale chitseko. Amachoka masiku khumi, n'kubwera masiku awiri, limodzi logona, lina lochapitsa zovala. Ana athu atatu akula akuwadziwa bambo awo ndi kulira kwa hutala.

Chakudya chawo cha pamsewu ndinkachidziwa ndikamapisa m'matumba pochapa: mapepala a maswiti, zitsekerero za mabotolo a zakumwa, nyenyeswa za mabanzi. Ndinalankhula mpaka pakamwa kuuma. Iwo ankangoti, "Mayi ake, thiraki siyenda ndi madzi."

Ndiye chaka chatha dokotala wa kukampani anawayeza monga amachitira chaka chilichonse, n'kupeza shuga ali m'mwamba. Sanawanyengerere. Anawapatsa mankhwala, nawauza kuti atsike pathiraki miyezi itatu, kenako adzayezedwenso. Shuga akatsika, abwerera pamsewu. Akapanda kutsika, apereka makiyi n'kukakhala pageti la depoti, kumatsegulira anzawo akamatuluka. Tsiku limenelo anafika pakhomo wapansi, n'kukhala pampando wa pakhonde osavula ndi chipewa chomwe. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Munthu uyu pageti angafe ali maso.

Sabata yoyamba anathira oyilo zitseko zonse za m'nyumba, ngakhale zimene sizinkalira. Zakumwa anasiya, mankhwala ankamwa, m'mawa uliwonse ankayenda wapansi kuzungulira bwalo la mpira ngati wataya chinthu. Koma chinkawadya mumtima ndi china. "Pano ndiye mukundiphikira masamba ndi mazira," anatero tsiku lina. "Nanga ndikabwerera pamsewu? Masiku khumi, firiji mulibe. Njala ikandipeza pakati pa tchire ndidzaluma chiwongolero?"

Mwana wathu wachisamba, amene amagwira ntchito ku famase, ndiye anatitumizira kaphikidwe pafoni. Akuti dzina lake bisikoti: mabisiketi ophika kawiri, ouma gwa, osachedwa kuphika koma ochedwa kuwonongeka. Awa anali opanda ufa wa tirigu, opanda shuga. Ine nditawerenga ndinabweza foni. Ndinati ine chinthu chimodzi kuchiphika kawiri ayi, ndili ndi mashini osokera akundidikira ndi mayunifomu a ana a eni.

"Basi ndiphika ndekha," anatero.

Ndinaseka mpaka kugwira khoma. Munthu amene sankadziwa kumene timasunga machesi!

Koma anayambadi. Anavala epuloni yanga ya maluwa, yosafika n'kumbuyo komwe, n'kuyala zinthu patebulo ngati masipanala. Uvuni ankaumvetsera ngati injini. Mtanda woyamba unatuluka bwinobwino, wofiirira, wonunkhira. Pafoni paja panalembedwa kuti udikire uzizire kaye. A Mabuleki kudikira? Anatenga mpeni pomwepo, nthunzi ili tolotolo. Mtanda wonse unangoti nyenyenye, kusanduka mchenga. Ufa wopanda tirigu ulibe chougwira ukadali wotentha. Anadya mchengawo ndi supuni masiku atatu, uku akunena kuti kukoma kwake n'komweko.

Ulendo wachiwiri ufa wa maalimondi, mtedza wakunja umene mwana anatumiza, unali utatha, ndipo m'sitolo ya pafupi munalibe. Anagula nthanga za mpendadzuwa zosenda, n'kuzipera m'kachigayo kanga ka magetsi mpaka kanayamba kununkha waya. Bekingi pauda atamusowa anathira soda, supuni yodzaza, poti iwo chilichonse amati kuchuluka n'kwabwino. Mabisiketi anatuluka ooneka bwino ndithu. Titadzuka m'mawa, mayo ine! M'kati monse mobiriwira ngati ndere za m'thanki. Anandiyang'ana ngati ndawalodza. Mwana atatiimbira anaseka mpaka kutsamwa, akuti mpendadzuwa ukakumana ndi soda umatero, si poizoni, angochepetsa sodayo n'kufinyiramo ndimu. Anadya obiriwirawo, koma atatseka makatani kuti aneba asaone.

Pofika mwezi wachiwiri anali katswiri, ndivomere. Makapu awiri a ufa wa mpendadzuwa, masupuni awiri a ufa wa kokonati, mazira awiri, batala wosungunula, kamchere, khungu la ndimu lopala, ndi zotsekemera za ku famase zopanda shuga, zimene kwa ine zimakoma ngati mankhwala otsukira mano. Amakanda, n'kuumba mtanda wautali wophwatalala, n'kuuika mu uvuni theka la ola. Ukatuluka uzizire ola lathunthu. Kenako amaudula mopingasa ndi mpeni wa mano, chidutswa chilichonse kunenepa ngati chala, osakanikiza, kumangocheka pang'onopang'ono. Zidutswazo zimabwerera mu uvuni pa moto wochepa, kuzitembenuza kamodzi, n'kuzisiya momwemo uvuni atazimitsidwa mpaka ziume.

Vuto linali ola lodikira lija. Ankazungulira tebulo, kugwira mtanda ndi chala, kuupepesa ndi chivundikiro cha poto, kufuna kuuika pawindo. Ndinaona kuti palibe chimene chidzapsa bwino m'nyumba muno, ndiye ndinayamba kuwalanda mpeni. Ndinkauika pansi pa khushoni la mpando wanga wosokera n'kuukhalira. "Ola likakwana mudzaupempha mwaulemu," ndinatero.

Poti mpeni unali kwa ine, anayamba kukoka mpando n'kukhala pafupi ndi mashini. Masiku oyamba ankangoyang'ana wotchi. Kenako anayamba kundipatsira mapini. Tsiku lina anafunsa kuti chipsera cha padzanja langa chinabwera liti. Ndinati zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, tsiku limene mwana wachiwiri anadwala malungo usiku inu muli kutali, ine n'kugwetsa ketulo pothamanga. Mawa lake anandiuza za mnzawo amene anamupeza atafera m'thiraki pamalo opumira, wailesi ikuimba, nkhani imene anaisunga zaka zisanu ndi chimodzi osandiuza. Tinkakanganso, musaganize kuti tinasanduka angelo. Tinakangana za mtundu wa penti wa kuchipinda, za mlamu wawo, za mmene ndimapindira matawulo. Koma kwa nthawi yoyamba mkangano tinkaumaliza, popanda wina kunyamula chikwama pakati pa nkhani.

Ankaphika kawiri pa sabata. Ine ndinayamba kuwakumbutsa kuti chitini cha mabisiketi chatsala pang'ono, ngakhale chili pakati.

Tsopano ndinene zimene zimandichititsa manyazi. Kutatsala masabata atatu kuti akayezedwe, kamakina koyezera pachala kankaonetsa manambala abwino m'mawa uliwonse. Iwo ankaimba mluzu. Ine ndinkangowerenga masiku otsala kuti andisiyenso. M'mawa wina akupita koyenda anandipempha kuti ndiwasakanizire ufa. Ndinatsala ndekha m'khitchini, beseni patsogolo panga, chitini cha shuga wanga wa mu tiyi chili pashelefu pomwepo. Ndinachitsitsa. Ndinatapa supuni yodzaza, n'kuigwira pamwamba pa beseni. Ndinkawerengera ndithu: pang'ono lero, pang'ono Lachisanu, pang'ono mu tiyi, ndani angadziwe? Wa pageti amaweruka madzulo n'kubwera kwawo tsiku lililonse. Timibulu tina tinagwera patebulo. Kenako ndinadzifunsa kuti kodi iwe, ukufuna kudwalitsa munthu kuti uzicheza naye? Ndinabweza shuga m'chitini, kupukuta tebulo kawiri, n'kukalirira ku bafa mpopi uli wotsegula.

Tsiku la zotsatira sanabwere wapansi. Ndinamva hutala kuchokera kumsewu waukulu, katatu, mpaka agalu a mumzere wonse anayamba kuuwa. Analowa akuvina ndi pepala m'manja. Dokotala akuti apitirize mankhwala ndi kadyedwe komweko, azikayezetsa pafupipafupi, koma makiyi ndi awo. Ndinalulutira, ndipo sindinanamizire. Ndinasangalala zenizeni, komanso ndinkafuna kuliponya pawindo pepalalo.

Masiku awiri otsatira uvuni sunapume. Anadzaza zitini zinayi, n'kuika mapepala pakati kuti mabisiketi asasweke m'mabampu. M'mawa wonyamuka ndinawaperekeza mpaka pamsewu pamene anaimika thiraki, nditanyamula zitini ziwiri. Anazilonga kuseri kwa mpando, n'kuzimanga ndi lamba ngati ana. Atatsika kudzatsanzika, injini ikulira kale, mawu anangotuluka okha m'kamwa mwanga.

"Bambo ake, tsiku lija munandisiyira beseni, ndinatsala pang'ono kuthiramo shuga."

Sanadabwe n'komwe. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Lilime loti latha miyezi itatu osalawa shuga mungalinamize? Ndikanamva pongoluma koyamba."

"Ndiye mukanatani? Mukanandithamangitsa?"

"Ndikanadya, mayi ake," anatero akuyang'ana matayala. "Ndikanamaliza chitini chonse, osafunsa."

Anakwera, n'kutseka chitseko. Ine ndinaima m'mbali mwa msewu ndikuwakalipira kuti munthu wamkulu ngati inu, mawu otere mumanena injini italira kale? Sindikudziwa ngati anamva. Ndinakhala pomwepo mpaka thiraki inakhota, kenako ndinabwerera kunyumba, chifukwa mayunifomu anali oti atengedwe masana.